Kachitsulo ka m'bokosi la matewera

Ine m'mawa uliwonse ndinkamvetsera kupuma kwa zinthu ziwiri. Choyamba mwana wanga, ndisanatsegule ndi chitseko chomwe, khutu pachifuwa pake, kumva ngati muli kamluzu kaja. Chachiwiri galimoto ya apongozi anga aamuna, bambo a mwanayu akamailiza kuti akanyamule mbatatesi za anthu. Ikatsokomola kawiri n'kulira, mtima wanga unkakhala pansi, ndinkati lero zivute zitani miyendo tili nayo. Ikakana, tsiku lonse ndinkagwira ntchito diso lili komweko.

Mwana wanga ali ndi mphumu. Inamuyamba asanakwanitse chaka, ndipo nthawi imene ndikunenayi anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi. Mphumu ya mwana sichenjeza. Akusewera bwinobwino ndi zitsononkho, kwadutsa utsi kapena fumbi, basi mukuona pakhosi apa pakulowa m'kati, nthiti zikuwerengeka, akufuna kulira koma mpweya wolirira palibe, akungokuyang'anani. Kabotolo kopopera m'kamwa kamene anatipatsa kuchipatala nthawi zina kamathandiza, nthawi zina ayi, pamafunika makina aja otulutsa nthunzi ya mankhwala, ndipo makinawo ali kuchipatala cha ku Sharpevale, ife tili kumtunda kuno, msewu wafumbi ndi miyala. Katatu konse galimoto ija inatifikitsa mwana akadali ndi mpweya. Ndinkakhala kutsogolo, mawindo otseka, mwana nditamukhazika tsonga pamiyendo monga anandiphunzitsira anesi. Katatu. Ndiye musadabwe kuti chitsulo ndinkachimvetsera ngati munthu.

Galimotoyo ndi pikapu yakalekale, yamphuno yozungulira, yaikulu kubadwa kuposa amuna anga. Apongozi anabwera nayo kuchokera ku Joni atamaliza zaka zawo za m'migodi. Anzawo ankabwera ndi mawayilesi ndi majekete, iwo anabwera akuyendetsa okha, ndipo mpaka lero akamafotokoza ulendowo amatchula mtsinje uliwonse umene anawoloka. Koma kunena zoona, pa galimoto imene inachoka ku Joni panatsala chigoba chokha. Injini yake inafa amuna anga ali pasukulu, anaikamo yadizilo ya minibasi ina imene inagubuduzika cha ku Manjawira. Mpando unali wa basi. Kumbuyo anakhomako matabwa a bulugamu. Chitseko cha mbali yanga chinkatsekedwa ndi kampiringidzo ka chitseko cha nyumba. Inkagona pamtunda pafupi ndi chulu, mphuno yoloza kumsewu, kuti batire likafooka angochotsa mwala kutayala, itsetsereke, ilire yokha. Anthu ankaiseka kuti ndi zigamba za mayiko onse, koma odwala, amayi oyembekezera, ngakhale maliro, onse ankakwera momwemo.

Tsiku lina la msika amuna anga anabwerako ku Manjawira akumwetulira okha ngati atola kanthu panjira. Anati bambo wina wa ku Blantyre anaimitsa galimoto yake n'kuyamba kuzungulira yathu, kuigwira, kuijambula, ndipo akubwera Loweruka.

Anabweradi. Munthu wa thupi labwino, ndevu zaimvi pang'ono, galimoto yake yaitali yonyezimira, koma atangopereka moni anavula jekete n'kugona chagada pafumbi pansi pa pikapu, tochi m'manja, masana dzuwa likuswa mtengo. Anatuluka, anatenga kamaginito n'kumakamata m'mbali monse ngati dokotala woyeza chifuwa. Apongozi anakhala pampando wawo pansi pa mango akumuonerera. Ine ndinali pakhonde ndikuchapa zovala za mwana, mutu pansi, makutu kumeneko.

"Bambo, galimoto izi zatsala zowerengeka," anatero mlendoyo atatsegula kutsogolo. "Ine ndimazifunafuna, ndimazikonza kuti zibwerere mmene zinatulukira kufakitale. Koma iyi mwailakwira. Injini iyi si yake."

"Si yake bwanji poti ndi imene ikuiyendetsa?" apongozi anafunsa.

"Si orijino, bambo."

"Nanga mano angawa ndi orijino? Anandiika ku Joni awa, koma chimanga chokazinga ndikukukuta."

Mlendo anaseka mpaka kugwira bondo, kenaka anafunsa kumene kunapita injini yakale. Apongozi analoza ndi ndodo kuseri kwa nkhokwe. Inali pomwepo, theka litalowa m'dothi, pamene mudzi wonse umawongolera makasu ndi nkhwangwa. Bambo uja anathamanga, munthu wamkulu ndithu, anapempha madzi, anatsuka pambali ndi mpango wake wa m'thumba mpaka manambala anaoneka. Ataona zipsera za nyundo pamwamba anagwira mutu.

"Mwakhala mukumenyera makasu pamenepa?"

"Zaka zambiri. Sinadandaulepo."

Ndiye anafotokoza, pang'onopang'ono ngati mphunzitsi. Anati galimoto yotere mtengo wake uli pa zinthu zitatu. Chigoba, injini imene inabadwa nayo, ndi kachitsulo kena kakang'ono ngati chikhatho, kamene akufakitale amakhoma mkati kutsogoloku, kolembedwa manambala osonyeza kuti injini iyi ndi chigoba ichi n'zapachibale. Anawaonetsa malo ake, timabowo tinayi. Anati popanda kachitsuloko ndi galimoto yopanda dzina, angaigule ngati zitsulo chabe. Koma kakapezeka, injini yake n'kubwereramo ngakhale yakufa, iye akaidzutsa yekha kutauni, ndipo mtengo wake analemba pafoni n'kuwaonetsa amuna anga. Nambalayo ine sindinaione. Ndinangoona amuna anga akumeza malovu.

"Ndinakachotsa ndine powotcherera dzimbiri," apongozi anatero. "Kalekale. Kaya ndinakaika kuti."

Ndinasiya kuchapa. Kakang'ono ngati chikhatho, timabowo tinayi, manambala. Ine ndinkakaona tsiku lililonse. Nditabereka, malemu apongozi aakazi anandipatsa bokosi lachitsulo la amuna awo, lochokanso ku Joni, kuti ndizisungamo matewera chifukwa makoswe salowamo. Mkati mwa chivindikiro, pakona, munali kachitsulo kokhomedwa ndi timisomali tinayi, kolembedwa chilankhulo chimene sindichidziwa. Ndinkayesa ndi ka bokosilo. Mlendo asanalize n'komwe galimoto yake ndinali nditalowa kale m'nyumba. Ndinang'amba pepala la kalendala yakutchalitchi, la Yesu atanyamula kamwana ka nkhosa, ndinatapa phala la mwana lotsala n'kumata pamenepo. Mwana ankangondiyang'ana. Sindinaganize kawiri, ndinangoti kachitsulo kakasowa, galimoto sichoka.

Amuna anga si munthu woipa, ndinene zimenezo. Anayamba kunyamula matumba a anthu ena asanamere ndevu, ndipo chimene ankachilota masiku onse ndi chigayo. Kuno amayi amapita ndi chimanga mpaka ku Kandeu. Tsopano zonse zinawagwera pamodzi. Injini yadizilo ichoke m'galimoto ikayendetse chigayo, ndalama za mlendo zigule chigayocho ndi malata, zotsala njinga yamoto.

"Nanga mwana?" ndinawafunsa akudya.

"Njinga yamoto imathamanga kuposa nkhalamba imeneyi."

"Pa njinga ndimukhazika bwanji? Fumbi lija? Mvula ikamagwa?"

"Mayi a mwana, inu mukufuna tidzafe tikunyamulira anthu mbatatesi chifukwa cha mantha anuwo? Mwanayu adzakula, mphumu idzatha. Adzadya chiyani, dzimbiri?"

Nazonso zinali zoona. Apongozi anali atanena kale kuti chiwongolero anapereka kwa mwana wawo, aone yekha. Ndipo ine ndine mtengwa pano, ndinachita kubwera. Kwa apongozi aamuna ndimagwada patali, ndimapereka madzi, ndimayankha moni, basi. Nkhani ya galimoto si yoti ine n'kuikamo pakamwa.

Sabata imeneyo amuna anga anayenda mudzi wonse kutolera ziwalo za galimoto zimene zinabalalika zaka zonsezi. Chiwongolero chake chenicheni anachipeza kwa azakhali awo, atakhazikapo mtsuko wa madzi, ndipo azakhaliwo anakana mpaka atawalukira nkhata ina. Mpando wake unali m'khola la nkhuku, utatsala masipuling'i okhaokha, thadzi likuikira pomwepo. Koma nkhondo inali kutchalitchi. Limu la tayala limene limapachikidwa pamtengo ngati belu linali la galimoto yathu, apongozi anapereka okha kalekale. Mkulu wa mpingo anati litengeni, koma mubweretse lina la mawu omwewo. Amuna anga anapititsa malimu atatu, mkulu uja akumenya lililonse ndi chitsulo, khutu atapendeketsa.

"Ili likulira ngati beseni. Akhristu amva ili adzayesa kwabwera ogula nandolo."

Anthu ankaseka, ena kuyamba kufukula zitsulo kuseri kwa nyumba zawo, eti mwina nazonso ndi orijino. Ine ndinkaseka nawo pakamwa pokha. Mulu wa zitsulo pansi pa mango unkakula, koma ndinkadzilimbitsa mtima kuti tolerani, kachitsulo mulibe.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti amuna anga sadikira. Lolemba m'mawa ndikuchokera kumjigo ndinapeza makaniko wa ku Kandeu wafika, akankhira galimoto pansi pa mango, unyolo uli panthambi. Ndinatula ndowa osaifikitsa n'kukhonde komwe.

"Bambo a mwana, mukuchotsa injini kachitsulo musanakapeze?"

"Kapezeka. Kangapite kuti? Bwana uja akubwera ndi lole Lachinayi, apeze zonse zili m'malo. Masiku atatu okha."

Pofika masana injini yadizilo inali ikulendewera pamtengo ngati mbuzi yosenda, ikudontha oyilo wakuda. Yakale ija anaifukula, ng'ombe ziwiri zinaikoka, anaikweza n'kuikhazika m'malo mwake, anamanga mabawuti angapo. Kenaka anaikankhira galimoto pamalo pake pachulu, mphuno kumsewu, mwala kutayala. Mukaiona patali inali yomwe ija. Koma inali maliro ovekedwa suti.

Lachitatu mlendo anaimba foni. Kachitsulo? Ayi, sikanapezeke. Anati ndiye lole siingabwere, funani kaye. Amuna anga anayamba kufuna ngati munthu wotaya mwana. Anatulutsa katundu yense m'nyumba ya apongozi, anasanthula denga, anakumba dzala lakale mpaka kupeza mbale za malemu amayi awo. Masiku atatu anakhala asanu, asanu anakhala khumi. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kosagoneka, anthu akutentha tchire kusaka mbewa, utsi uli tolo m'dambo monse. Mwana ndinkamutsekera m'nyumba, iye akulirira kunja, ine ndikuopa kuti kulirako kumuyambitsa chifuwa, ndikamutulutsa ndikuopa utsi. Ndinkanyowetsa chitenje n'kutchinga pawindo. Ndinkayang'ana kumene mphepo ikulowera kuposa mmene ndinkayang'anira mphika.

"Bwezeranimoni kaye injini, muzifuna galimoto ikuyenda," ndinawapempha.

"Mukuyesa kuchotsa injini ndi kuvula malaya? Ndibwezere lero, mawa kapezeke, ndichotsenso? Makaniko uja si wanga ndekha."

Apa m'pamene ndinaona msampha umene ndinadzitchera. Ndikaulula, galimoto ipita ku Blantyre osabweranso. Ndikakhala chete, galimoto ikhala pachulu yakufa mpaka amuna anga atatopa, ndipo amuna anga satopa msanga. Tsiku lililonse ndinkati mawa agonja, mawa aitana makaniko. M'mawa ndinkamvetsera chifuwa chimodzi chokha, kunja kuli zii.

Tsiku lina analowa kuchipinda ine ndikupinda zovala, anakoka bokosi lija.

"Ili linali la bambo, eti?"

Ndinavomera ndi mutu. Anatsegula, anakhuthulira pansi matewera, timalaya, buku la kusikelo, anagwedeza bokosi, anapapasa m'makona a pansi. Chivindikiro chinali chotsegula chitatsamira khoma, chithunzi chija chikuwayang'ana m'maso.

"Muno muli Yesu ndi matewera basi," anatero, n'kutuluka.

Kuyambira tsiku limenelo kupemphera kunandikanika. Ndikati nditseke maso ndinkaona phala lija ndinamatira.

Zinachitika Lachinayi la sabata yachiwiri, masana titangodya. Amuna anga anali atapita kuboma kukafuna mkulu wina amene ankawotcherera zitsulo kale, mwina kachitsulo kanatsalira kwa iye. Mphepo inatembenuka mwadzidzidzi, utsi wa kudambo unalowa m'mudzi, phulusa likugwa ngati nyerere zouluka. Mwana anatsokomola kamodzi, kawiri, kachitatu ndinamva kamluzu ndili pakhomo. Ndinamupopera. Ndinadikira monga anandiuzira. Ndinamupoperanso. Pakhosi panayamba kulowa. Ndinamunyamula, buku la kusikelo m'kamwa, ndinathamanga, ndipo miyendo yanga inandipititsa kumene inazolowera. Ndinafika pachulu, ndinakoka kampiringidzo, ndinatsegula chitseko, phazi limodzi ndinaliika kale mkati. Ndiye ndinakweza maso n'kuona injini ikulendewera pamango.

Sindikudziwa kuti ndinakuwa chiyani. Apongozi anadzuka pampando, ndodo m'mwamba, akuitana anthu ndi mawu amene sindinawamvepo. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anaimbira wa kabaza wa njinga yamoto. Anali kutsidya, atanyamula munthu wina, anati akubwera. Akubwera! Ndinayamba kuyenda wapansi kumsewu kuti tikumane, kenaka ndinaona kuti kuthamanga kwanga kukumugwedeza mwana, ndinaima, ndinakhala pamwala, ndinamukhazika tsonga, ndinaimanso. Apongozi ananditsatira mpaka pamenepo, iwonso akupuma movutikira, anangovula chipewa n'kumamukupizira mdzukulu wawo.

Njinga inafika. Mwana pakati, ine kumbuyo. Fumbi la msewu uja mu Okutobala limafika m'mawondo, ndiye ndimufunditse chitenje kumaso, ndikumutsekera mpweya, ndimuvundukule, akumeza fumbi. Njira yonse ndinkangofunditsa ndi kuvundukula. M'galimoto ndinkamumva kupuma, ndinkamulankhula. Apa phokoso la njinga linameza zonse, ndinangolowetsa dzanja m'malaya mwake kugwira nthiti, kuti ndidziwe ngati zikuyendabe. Pena pamabampu sindinkazimva, ndinkamukuwira wa njinga kuti imani, ndisanamalize ndazimvanso, ndiye thamangani, thamangani. Munthuyo anayendetsa bwino, Mulungu amudalitse, sindinamuthokoze n'komwe tsiku limenelo.

Pofika ku Sharpevale milomo ya mwana inali ngati phulusa, mutu ukugwera kumbuyo. Anesi anamulanda m'manja mwanga, anamuveka chija cha kumphuno, makina anayamba kulira. Ndinagwada pansi pa bedi nditagwira kaphazi kake. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinangoona kaphaziko kakundikankha, kenaka kulira, kulira kwenikweni kwa mpweya wake. Anesi aja amatidziwa. Akulemba m'buku anandifunsa, osati mokalipa ayi, mongodabwa:

"Lero mwachedwa naye bwanji, mayi? Si paja inu mumafika msanga?"

Amuna anga anafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze, anaima pakhomo la wodi osalowa. Tinagona komweko, tinabwerera m'mawa mwake.

Nditafika kunyumba ndinamugoneka mwana, ndinatseka chitseko, ndinanyowetsa pepala lija mpaka linamatuka losang'ambika, ndinaliyanika pawindo. Timisomali ndinatizula ndi mpeni. Kumbuyo kwa kachitsulo kunali bowo loti chala n'kulowa. Apongozi ndi amuna anga anali pansi pa mango, injini ili pamwamba pawo. Ndinapita, ndinadutsa pamene ndimagwada masiku onse, ndinakagwada pafupi penipeni ndi mapazi a apongozi, ndinapereka ndi manja awiri.

"Bambo, kachitsulo kaja ndi aka. Kanali m'bokosi lanu lija la matewera. Ndinakadziwa tsiku lomwe anabwera mlendo, ndinakabisa ndine."

Amuna anga anaimirira.

"Tsiku lomwe lija? Ine kukumba dzala ngati galu, mudzi wonse ukundiseka, inu mukundiyang'ana? Mukanapereka, bwenzi njinga ili pakhomo pano dzulo! Mwana akanafa chifukwa cha inu!"

"Akanafa," ndinatero. "Ndi injini yanu ili pamtengoyi akanafanso."

Sindinayankhepo amuna anga chotero pamaso pa bambo awo. Ndinadikira kuti andiuze ndilongedze. Koma apongozi ankangotembenuza kachitsulo kaja, kukayandikiza kumaso, kukatalikitsa, kenaka anaseka pang'ono, kuseka kothera m'chifuwa.

"Ndinatsekera bowo la makoswe," anatero. "Amayi ako ankadandaula kuti akudya nsalu zawo."

Anakalowetsa m'thumba la mkati la jekete n'kumanga batani.

"Muimbire bwana uja abwere. Iwe khala pansi. Inu mayi, pitani kwa mwana."

Mlendo anabwera ndi lole patapita masiku awiri. Ine ndinali pakhonde pomwe paja, mwana kumsana, ndipo ulendo uno sindinanamizire kuchapa. Apongozi anatulutsa kachitsulo. Bambo uja anakalandira ngati mkate wa mgonero, anakagwirizitsa patimabowo tinayi, anawerenga manambala, anakawerenganso pa injini, anawomba m'manja.

"Ndi zake! Bambo, zonse ndi zake!"

"Chabwino," apongozi anatero, n'kutambasula dzanja kuti awabwezere. "Ndiye zakufakitale zonse ndi izi. Injini iyo, chiwongolero icho, limu, masipuling'i a nkhukuwo. Kwezani m'lole. Kachitsulonso ndikupatsani."

"Ndi galimoto yake, bambo."

"Chigoba chili pantchito."

Mlendo anayesa kuseka, anaona kuti nkhalamba sikuseka. Anakhala pansi n'kuyamba kuwanyengerera, ndipo sankanama ayi. Anati zitsulo izi popanda chigoba ndi zitsulo chabe, chigobanso popanda izi n'chopanda dzina, zimafunika pamodzi. Anawaonetsa pansi pa zitseko pamene dzimbiri ladya, anabowola ndi chala, anati mvula zingapo zikubwerazi galimoto iyi idzathyoka pakati, ndipo sipadzakhala wopindula, iye kapena ife. Anatulutsa foni kuwaonetsa zina zimene anakonza, zonyezimira ngati zangotuluka m'sitolo, zili m'nyumba yamatailosi yoposa tchalitchi chathu. Anati imeneyi akaisamala, anthu adzaiona zaka zambiri, adzadziwa kuti munthu wina anaiyendetsa kuchokera ku Joni mpaka ku Ntcheu. Pamenepo ndinaona apongozi akuyang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali, ndipo ndinati basi, yapita.

"Kwanuko izikanyamula ndani?" anafunsa.

"Siizikanyamula, bambo. Yagwira ntchito yokwana. Izikapuma."

"Ndi mwayi wake. Ndiye tichite chonchi. Ndikadzapuma ine, nayonso idzapume. Nambala yanu mwana wangayu ali nayo, kachitsulo adzakapeza m'jekete muno. Lero ayi. Lachinayi lija ndinathamanga ndi chipewa kumbuyo kwa mdzukulu wanga, sindikufuna kuthamanganso, mapapo ake ndilibe."

Amuna anga anayang'ana pansi. Mlendo anapempha chinthu chimodzi, kuti chonde injini yakaleyo asamenyerenso makasu, aithire oyilo, aifunditse. Apongozi anavomera. Pochoka anamupatsa mwana wanga paketi ya mabisiketi, lole inabwerera yopanda kanthu.

Kubwezera injini yadizilo kunatenga masiku anayi, ndipo onse anayiwo ndinawawerenga ndi mphepo. Limu linabwerera kutchalitchi, mkulu wa mpingo anati Mulungu sataya zake. Injini yakale ili m'kachisakasa kuseri kwa nkhokwe, yofunditsidwa lata, anthu amawongolera makasu pamwala tsopano ndipo amadandaula.

Amuna anga anatha milungu ingapo akundilankhula zofunika zokhazokha, madzi, mchere, kiyi. Mitengo imene anali atadula kale yomangira chigayo ili pomwe anaiunjika, chiswe chayamba. Akamadutsa pamenepo sayang'anako, ine ndimayang'ana. Sindinena kuti ndinachita bwino. Njinga ija inatifikitsa ndithu, ndipo mwina ikanakhala yathu, ili pakhomo, tikanafika msanga kuposa galimoto. Mwina. Ndimazitembenuza m'mutu ndikusinja, ndikutunga madzi, sizikhala pansi. Chiyambire nthawi imeneyo galimoto yatinyamulanso kawiri, mawindo otseka, mwana pamiyendo, ine ndikumumva kupuma njira yonse. Koma pansi pa chitseko changa dzimbiri labowola, ndimaona msewu ukuthamanga pansi pa phazi langa, ndatsekapo ndi katoni. Bambo wa ku Blantyre amaimbabe foni pakapita miyezi, amayamba ndi kufunsa kuti madala ali bwanji.

Bowo la m'bokosi ndinatseka ndi chivindikiro cha chitini cha mafuta, makoswe asalowe. Chithunzi chija ndinachimata pakhoma, poonekera.

Apongozi ali ndi chifuwa cha kumigodi, fumbi la miyala limene anabwera nalo pamodzi ndi galimoto, ndipo chaka chino chakula. Jekete lija savula ngakhale kutenthe bwanji. Ndiye m'mawa ndimayamba ndi mwana, khutu pachifuwa. Kenaka ndimatsegula chitseko pang'ono, ndimaima ndi ndowa m'manja, kuyang'ana nyumba ya kutsidya kwa bwalo, mpaka ndimve nkhalamba yatsokomola n'kuyamba kufuna ndodo yake. Ikachedwa ndimapita kukasesa pafupi ndi windo lawo, ngakhale ndinasesapo dzulo. Akatsokomola, ndimadikira galimoto. Ikalira, ndimapita kumjigo, mothamanga, kuti ndibwereko mphepo isanatembenuke.